Amayi anakwecha wotchi ya malemu bambo ngati mphika

Aphungu,

Ndiyambe ndi kuwongola nkhani imene ikuyenda pakamwa pa anthu ku Biriwiri: mayi anga sindinawathamangitse. Palibe anawaponyera katundu panja, palibe anawakhomera chitseko. Ananyamuka okha dzuwa likuswa mtengo, atabwera kudzawatenga alongo awo, a Silvester, monga amachitira mayi aliyense wa pachitengwa akasudzulidwa. Amayi a kutchalitchi kwathu amene akufalitsa bodzali anali pomwepo, ndipo ena mwa iwo ndi amene anathandiza kukweza mtondo pa matola. Lero aiwala. Anthu a kwathu amakumbukira bwino mpaka pamene nkhani yayamba kukoma.

Choona n'chakuti pali wotchi, ndipo ndakulemberani za wotchiyo. Ndikufuna malangizo a mmisiri, osati ulaliki. Ulaliki ndalandira wokwana mpingo wonse.

Bambo anga, malemu a Goliati, anali munthu wa ku migodi ya ku Joni. Anapita ndi Wenela ali mnyamata, anapitanso ndi TEBA ine ndili wakhanda, ndipo maulendowo atatsekedwa anabwera kudzakhala pakhomo ndi jekete lachikopa, chifuwa, ndi wotchi. Jekete anadya makoswe. Chifuwa chinadya iwo. Yatsala ndi wotchi.

Mmene anaipezera sindikudziwa, chifukwa nkhani yake inkasintha malinga ndi mowa. Akamwa masese, ndiye kuti anawapatsa ndi kapitawo wachizungu amene iwo anamusolola pansi pa miyala. Akamwa kachasu, anaiwina pa juga kwa Msutu wina wa mano agolide. Achibale ansanje amati anaba. Mwina. Ngati anaba, anabera anthu amene anawabera mapapo, ndipo ine mlandu pamenepo sindikuuona.

Musaiyerekeze ndi zija amayala mavenda pa depoti. Ndi ya ku Switzerland, yolemera bwino m'manja, yopanda batire: imayenda ndi kugwedezeka kwa mkono wa mwini wake. Lamba wake ndi wa tcheni, wa mizere itatu. Mfundo za m'mbali n'zachitsulo, zosalala koma zosanyezimira, zokhala ndi timizere ting'onoting'ono toloza mbali imodzi ngati tsitsi lopesa. Mfundo zapakati n'zagolide, ndipo zinkawala moti ndili mwana ndinkadzionerapo diso. Mmwenye wina wa sitolo ku Limbe ataiona pamkono pa bambo anatuluka kuseri kwa kauntala, nawapatsa mpando ndi botolo la fanta, nayamba kuwatchula kuti achimwene. Bambo anamwa fantayo, anathokoza, natuluka ndi wotchi yawo.

Ankaivala Lamulungu, pa maukwati, ndi povina ngoma. Masiku ena inkakhala m'kachitini ka fodya pamwamba pa khoma, koma m'mawa uliwonse ankaitulutsa n'kuigwedeza kuti isaime. Palibe ankaikhudza. Mchimwene wanga Jasper analawa lamba weniweni, wa m'chiuno, chifukwa chongoiyesa pamkono. Mayi, aNagama, anakhala m'banja zaka zonsezo osaigwirapo ngakhale ndi chala. "Manja onyowa atalike," ankatero bambo akamatsegula kachitini. Ine ndekha ankandilola kuiika kukhutu.

Nditasankhidwa kupita ku yunivesite, woyamba m'mudzi mwathu, ndiponso mkazi, bambo ananena pamaso pa abale kuti, "Wotchi iyi ndi ya Loyce. Adzaivala tsiku lovala chipewa cha makona." Chipewacho sindinavale. Apanso ndiwongole: mayeso sindinalephere, ndipo mimba panalibe. Ndinali chaka chachitatu pamene bambo anayamba kulavula magazi. Jasper anali atalowera ku Joni, kumene mpaka lero amatitumizira moni wokhawokha. Mayi zonena za madokotala zinkawadutsa pamwamba. Panafunika wina wothamanga ndi wodwalayo m'zipatala, ndipo winayo anali ine. Ndinati ndipuma chaka chimodzi, koma chifuwa cha mgodi sichidziwa kalendala ya sukulu. Lero anzanga a kalasi imodzi amandidutsa pa M1 m'magalimoto a mabungwe, aulemu amaimbako hutala. Ine ndimaphunzitsa pa kasukulu kena ka pulaiveti pa boma pano. Ku Biriwiri amanditcha a Digiri. Amaganiza kuti sindimva.

Bambo atafooka mpaka kulephera kukweza mkono, ntchito yogwedeza inakhala yanga. "Loyce, tagwedeza iyo," ankatero, "ingafe ine ndisanafe." Anatisiya chaka chatha, nthawi yokumba mbatatesi. Wotchi inali ikuyenda.

Kwathu katundu wa malemu sagawidwa asanatsukidwe. Tikameta, amayi amanyamula zovala ndi mabulangete kupita nazo kumtsinje. Mbale, lumo, mpini wa khasu, chilichonse chimene munthuyo ankachigwira, amachikwecha ndi phulusa, ati thukuta la wakufa lisalowe m'nyumba za amoyo. Tsiku lometa, abale a bambo anagwirizana kuti mawu a malemu aima: wotchi ndi yanga, ndipo ndidzalandira mawa lake pamodzi ndi ena onse. Mayi anali atakhala pakhomo, anamva.

M'mawa mwake ndinapeza kachitini kali kukamwa yasa, wotchi mulibe. Ndinaganiza za akuba, poti pamaliro sasowa. Ndili mkati mofunsa anthu, ndinawaona mayi akukwera chitunda kuchokera kumtsinje, beseni la miphika lili pamutu, dzanja limodzi atafumbata pachifuwa. Anatula beseni, anandikodolera kuseri kwa nkhokwe. Anali akumwetulira, koyamba chimwalirireni bambo.

"Iwe Loyce," anatero, "tambasula dzanja."

Aphungu, anaikwecha. Mchenga wa mumtsinje, phulusa, ndi sitiliwaya, monga amachitira ndi sefuliya ya alendo. Mutu wa wotchi anaukulunga m'nsonga ya chitenje, naufumbata kuti usanyowe, moti galasi lilibe ngakhale kachipsera, zimenezo anakumbukira. Koma lamba yense, kunja ndi mkati, anamupita mozungulirazungulira ndi mphamvu zonse za munthu wofuna kuti anzake pamtsinje amuyamikire. Golide uja anangoti mbuu ngati diso la ng'ala. Timizere ta m'mbali tinakwiririka pansi pa zokalika zopingasana. Ukamupinda lambayo amalira ngati mpunga wa miyala pa mano.

"Munali litsiro lakuda bii m'timipatamu," anatero mayi. "Thukuta la bambo ako la chichokereni ku Joni. Ndimati lingakupatse chifuwa. Ndachotsa lonse. Vala, usaope."

Ndinawayankha. Sindibisa zimene ndinanena, chifukwa anthu akuthirako mchere wawo. Sindinatukwane. Ndinati, "Mayi, mwaona ngati mphika? Bambo ankadziwa chimene ankakuletserani. Manja a miphikawo musadzakhudzenso nawo chinthu changa." Basi, mawu ake ndi amenewo. Ndipo mpaka lero ndikuti wotchi si mphika. Munthu ukapanda kuchidziwa chinthu umafunsa. Tinagona chipinda chimodzi, akanangondigwedeza phazi.

Mayi sanalire. Anayang'ana manja awo, kuno ndi kuseri, anawalowetsa m'chitenje, nati, "Pepani." Osati pepa. Pepani.

Atasudzulidwa, abale a bambo anawauza kuti nyumba ndi yawo, munda ndi wawo, akhale. Anathokoza, nati akufuna akaone mpunga wa kwawo ku Kasinje. Ndiko kuthamangitsa kumene ndinawathamangitsa.

Ndapitako kangapo. Amandilandira ngati mlangizi wa zaulimi. "Mwafika, amayi? Mwayenda bwanji? Nanga kuntchito?" Munthu amene moyo wanga wonse ankandikuwira kuti "iwe Loyce" kuchokera kutsidya la dimba, mudzi wonse n'kumva. Ndikatambasula dzanja kuti ndipereke moni, amaomba m'manja cha pansipansi, n'kuwabweza m'chitenje. Chakudya amaphika okha, ndiwo zawo sindingazisokoneze ndi za wina, koma amatuma mkazi wa a Silvester kudzandiikira. Madzi osamba m'manja amandithirira wina. Ndinawagulira chitenje chabwino, anati, "Zikomo kwambiri, ikani pamphasapo." Ulendo watha ndinasiya dala juzi yanga pampando, batani litathothoka, n'kupita kukaona minda ndi malume. Pobwera ndinaipeza mmene ndinaisiyira. Pambali pake panali singano yolowetsa kale ulusi.

Ndinawadandaulira a Silvester. Anati, "Mphwanga, mayi ako akungosunga lamulo. Unaliika wekha." Ndinawauza kuti ine si boma. Anaseka, nati, "Boma likaika lamulo timazemba. Ili ndi la mwana."

Tsopano akudwala. Miyendo yatupa, ndipo kuchoka pakhonde kukafika pa mtengo wa mango amaima panjira kuti apume. Kuchipatala cha Kasinje anati ndi mtima, nawapatsa mapiritsi. Ine zipatala ndinazizungulira ndi bambo, nkhope ya dokotala ndimaiwerenga kuposa buku. A Silvester akuti mayi nthawi zina amafunsa kuti, "Kodi wotchi ya aphunzitsi ija inawala?"

Ndiye ndaganiza zoikonza. Ibwerere mwakale, ndipite nayo ndikawaonetse kuti onani, palibe chinawonongeka, nkhani yatha. Akaona golide akuwala adziwa kuti mlandu palibe, atulutsa manjawo. Njira ina sindikuiona. Zoti ndikagwade ndi nkhuku m'manja, mudzi wonse utasonkhana kudzaonerera a Digiri akupepesa, zimenezo ayi.

Ndayesa kufunsa kuno. Wokonza mawotchi wa pakhonde la sitolo pa boma pano ataitembenuza, maso ake anawala kuposa wotchiyo, nati ndimusiyire sabata imodzi. Sindinabadwe dzulo. Wowotcherera zitsulo ku Nsipe anati, "Asisi, iyi tingoigunditsa pa galayindala, ituluka ngati ya mu shopu." Mphunzitsi mnzanga akuti ndipake mankhwala otsukira mano. Wina akuti aja opukutira mkuwa. Aliyense ndi katswiri pa chinthu cha mwini. Pakadali pano ndimaivala tsiku lililonse pansi pa mkono wa juzi, kuti isaime ndiponso kuti anthu asaione.

Mundiuze, Aphungu. Lamba wokalika chonchi angabwerere? Ndingathe ndekha ndi sandipepa wosalala, kapena ndipite naye kuti? Ndipo pali china. Pa chotsekera pali kadzenje kamene kanabwera Lamulungu lina pamene ngolo ya mbatatesi inagubuduzika ndi bambo pamtsetse, ndipo m'mbali muli modyeka ndi mkono wawo. Zimenezo ndikuzifuna, n'za bambo. Ndikufuna zichoke za mayi zokha.

L.G., Ntcheu

A L.G.,

Pepani ndi imfa ya bambo. Ndikukhulupirira kuti mayi simunawathamangitse, ndipo ndikudziwa kuti chipewa chija munachisiya chifukwa cha munthu wodwala, osati ulesi. Mwati simukufuna ulaliki. Chabwino, tiyambe ndi chitsulo, poti chitsulo sichikwiya.

Vulani wotchiyo lero lomwe. Inu mukudandaula ndi zokalika, koma zokalika n'zapakhungu. Choopsa ndi phokoso mwanenalo. Mfundo za lamba zimalumikizana ndi timapini, ndipo mchenga umene watsalira mkatimo ukupera timapinito nthawi iliyonse mukakweza mkono kulemba pa bolodi. Lamba adzayamba kugwedera, ndipo tsiku lina adzaduka muli mu minibasi, inu osamva. Musaope kuti iima. Wotchi yoyenda ndi mkono ikaima siinafe, mukaigwedeza imadzuka.

Wa galayindala ku Nsipe mumupatse moni, wotchi ili m'thumba. Sandipepa ayi. Mankhwala a mano ndi a mkuwa ayinso: onsewo ali ndi timchenga tawo, ndipo phala lake limakaumira m'mfundo. Mumvetse chimene kuwalitsa kumachita. Sikudzaza pokalika. Ndi kupala chitsulo chonse chozungulira mpaka chitsike kufanana ndi pansi pa chokalikacho, ndipo chimene chapalidwa chapita. Golide ndi wofewa, amatha msanga. Komanso simukudziwa ngati mfundo zapakatizo ndi golide yekhayekha kapena wongokutira pamwamba. Tulukani naye padzuwa, muyang'ane m'makona. Ngati pansi pa chikasu pakusuzumira choyera, ndi wokutira, ndipo kuwalitsa kulikonse kungomaliza wotsalayo. Zikatero njira yake ndi kukutiranso, ntchito imene si mmisiri aliyense angaithe kuno kwathu. Ngati ndi chikasu mpaka mkati, muli ndi mwayi.

Ntchito yeniyeni ndi ya osula mphete ndi ndolo zagolide, kapena okonza mawotchi okhala ndi sitolo ya chitseko, ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Musanapereke, muone kaye ntchito imene anagwirira ena, ndipo mufunse kuti achita bwanji. Wodziwa adzakuuzani kuti lamba wa mtundu umenewu ali ndi nkhope ziwiri ndipo iliyonse ili ndi ntchito yake. Amamata tepi m'mbali n'kuwalitsa zapakati pa gudumu la nsalu, pang'onopang'ono. Kenako amamata tepi pakati n'kubwezera timizere ta m'mbali, kukokera mbali imodzi yokha, osabwereza chopingasa. Akakuuzani kuti "tingomuponya yense pa gudumu", tengani chanu muzipita, chifukwa adzakubwezerani lamba wonyezimira paliponse, makona atabulungika ngati sopo wotha. Mumuuze kuti apale pang'ono, ngakhale zina zitsale. Mutu wa wotchi musamusiyire munthu, bwererani nawo. Siyani lamba yekha, mutawerengera limodzi mfundo zake.

Kodi abwerera? Pafupifupi. Munthu wokhala naye moyang'anizana pa tebulo adzaona wotchi yokongola. Inu, padzuwa, mudzaonabe timaulusi apa ndi apo.

Kadzenje ka ngolo kadzatsala, n'kozama, ndipo mukhoza kunena kuti chotsekera asachikhudze n'komwe. Koma modyeka ndi mkono wa bambo, mayi anakwecha momwemo. Gudumu silidziwa kuti ichi n'cha a Goliati, ichi n'cha aNagama. Likachotsa, lichotsa zonse pamodzi. Pamenepo palibe mmisiri amene angakupatseni chimene mwapempha.

Za chitsulo zathera apa. Tsopano zimene simunafunse, poti nanenso ndili ndi pakamwa.

Wotchi si mphika, mwanena zoona. Mayi anaononga chitsulo, palibe angakane. Koma pulani yanuyi yapendekeka, ndipo ndikuopa kuti ikakupwetekani. Taganizani mwafika ku Kasinje, mwatulutsa lamba akuwala, mwati, "Onani, palibe chinawonongeka." Mayi adzawerenga chiyani pamenepo? Adzawerenga kuti aphunzitsi anapita mpaka ku Blantyre kukapeza manja oyenera, ofufuta zimene manja a miphika anachita. Adzati, "Zikomo, yawala bwino," ndipo manjawo adzawalowetsa mkati kwambiri. Mudzakhala mutasindikiza lamulo lija, osati kulichotsa.

Werenganinso kalata yanu. Mayi ameneyu anakhala m'nyumba imodzi ndi wotchiyo zaka zonse akumva kuti manja onyowa atalike. Tsiku loyamba kuigwira, sanaigwire kuti aiyese pamkono. Anali namfedwa wa masiku ochepa, anali ataona chifuwa chikumaliza mwamuna wawo pang'onopang'ono, ndipo anamva kuti chinthu chimene chinamwa thukuta la mwamunayo chikupita pakhungu la mwana wawo. Inu mukudziwa kuti chifuwa cha mgodi sichiyenda m'thukuta. Iwo ankadziwa phulusa. Anatenga chimene ankachidziwa, napita kukakumenyerani nkhondo kumtsinje, ndipo anabwerako akumwetulira. Mawu oti mphika akanawaiwala. Chimene chinawalasa ndi chija munati bambo ankadziwa chimene ankawaletsera. Tsiku limenelo anamva kuti mwini lamulo waikidwa m'manda, koma lamulo lapeza wolisunga.

Mukuti akanakugwedezani phazi. Inde, akanatero. Munthu wofuna kukudabwitsa ndi mphatso sakudzutsa kuti akufunse.

Ndipo musanamizidwe ndi "inu" wawoyo kuti mtima wawo unachoka. Munthu amene wakutaya sakulowetsera ulusi pa singano. Akukugwirirani ntchito mpaka pamalire penipeni pamene munawaikira, n'kuima. Malume anu ananena zoona, ngakhale munawayankha mwaukali: lamulo amachotsa ndi amene analiika. Golide sangakuchotsereni.

Za nkhuku ndi gulu la anthu, ndikugwirizana nanu, n'zosafunika. Mawuwo munawanenera kuseri kwa nkhokwe muli awiri, mukawabwezanso muli awiri. Koma akanenedwe ndi pakamwa. "Mayi, ndinalankhula zoipa. Manja anuwa ndi amene anandilera." Muimire pomwepo. Musakawonjezere "koma", chifukwa ndaona kuti inu ndi "koma" mumagwirizana kwambiri. Zoti wotchi si mphika mwandiuza ine, zakwana.

Nayi ntchito yoti muyambe nayo, ndipo si nthabwala, ndi ntchito yeniyeni imene ikufunika mmisiri aliyense asanamugwire lambayo. Mchenga uja uyenera kutuluka. Pitani kwa wa pakhonde uja, achotse lamba ku mutu wa wotchi inu muli chiimire pomwepo; ndi kanthawi kochepa, sizifuna sabata. Mutuwo muusunge. Gulani mswachi wofewa, wa ana. Lambayo mupite naye ku Kasinje mmene alilimo, ali mbuu. Mukamaliza kunena mawu aja, tengani kabeseni, madzi ofunda ndi sopo pang'ono, mukhale pansi pafupi ndi mayi, munene kuti, "Mchenga watsalira m'mfundomu, ndekha ukundikanika. Tandigwirirani." Simudzakhala mukunama. Ntchitoyi imafuna anthu awiri: wina kupinda mfundo imodziimodzi m'madzi kuti kampata katseguke, wina kulowetsa mswachi. Muzisintha madzi mpaka pansi pa beseni pasiye kukhala timchenga, mutsukuluze ndi madzi oyera, mupukute ndi nsalu yofewa, aume bwinobwino. Koma lambayo muwaikire m'manja, osati pamphasa. Ngati manja ali m'chitenje, dikirani chotambasula.

Mwina adzakana. Mwina adzati, "Ayi, amayi, ndingakuonongereni." Pamenepo m'pamene lilime lanu lidzafuna kuthamanga. Lilumeni. Musakwiye, musanyamule chikwama. Gonani konko, mawa mupemphenso. Akapitiriza kukutchulani inu, musawakonze ngati mwana wa Fomu 1 walakwitsa galamala. "Iwe" adzabwera yekha, mwinanso sadzabwera. Ameneyo simungamulamule, ndipo ine sindingakulonjezeni. Chimene ndikudziwa n'chakuti mukapanda kupita, sadzabwera ndithu.

Muli komweko, gwiritsani ntchito zimene munaphunzira m'zipatala ndi bambo. Onani ngati mapiritsi akumwa tsiku ndi tsiku, ndiponso ngati sanathe. Muwauze ophika achepetse mchere. Mukambirane ndi a Silvester zopita nawo kuchipatala chachikulu kuti akawaunikenso. Ndipo miyendo yotupayo imafuna wina woikweza pa pilo. Lamulo lija linaletsa manja awo kukhudza zanu, silinaletse anu kukhudza iwo.

Zowalitsa mudzaganiza pambuyo. Mukhozanso kuwafunsa iwo ngati akufuna awale kapena akhale choncho, poti ntchito imene ili pa lambayo ndi yawo. Mwina mudzapitabe naye ku Blantyre, ndipo palibe cholakwika. Mwina pofika nthawiyo simudzafunanso kuti munthu apalepo kanthu.

Chenjezo langa ndi limodzi: musayambe ndi Blantyre, ndipo musadikire tchuthi cha sukulu. Chitsulo chingakhale m'kachitini zaka zambiri osasintha, koma mtima umene wayamba kutupitsa miyendo sudikira mmisiri. Mukangowerenga izi, pemphani chilolezo kwa ahedi, kwerani galimoto. Makalata amene amafika pa tebulo langa ndi ambiri, ndipo ndimayankha motsata mzere. Chidindo cha pa envelopu yanu n'cha Febuluwale. Uno ndi Juni.